Mlatho wakale wa London: zaka 622 pamwamba pa Thames ndi thumba lomwe linkausamalira

Kwa zaka zoposa 500, kuyambira mu 1209 mpaka mu 1750, aliyense wofuna kuoloka mtsinje wa Thames pa London ali ndi ngolo, kavalo kapena gulu la nkhosa ankadzera pa mlatho umodzi wokha. Unali wa miyala, wotalika mamita pafupifupi 280, ndipo pamwamba pake panali nyumba zosanja, masitolo, katchalitchi, mageti achitetezo ngakhalenso zimbudzi. Anthu ankabadwira pamenepo, kuchitira malonda pamenepo mpaka kumwalirira pomwepo, madzi akusokosera pansi pa mabedi awo. Unasiya kugwira ntchito mu 1831 utatumikira zaka 622.

Ambiri akamva zaka zimenezi amafulumira kunena kuti akale ankamanga zolimba. Pa mlatho uwu ine sindivomereza. Kamangidwe kake kankachititsa kuti mtsinje uziudya usana ndi usiku, ndipo mbali zake zinagwapo kangapo. Chomwe chinaufikitsa kutali ndi thumba la ndalama lomwe linali lakelake, komanso gulu la amisiri omwe ntchito yawo inali kukonza lero zomwe madzi aononga dzulo.

Kuti zimveke, tiyambe ndi mtsinjewo. Thames pa London sayenda mbali imodzi tsiku lonse monga mitsinje yomwe tinazolowera. Mzindawu uli pafupi ndi nyanja yamchere, ndipo madzi a m'nyanja amakwera ndi kutsika kawiri pa tsiku. Akamakwera amakankhira mtsinje kumtunda, akamatsika mtsinje umathamangira kunyanja n'kusiya matope m'mbali. Choncho chipilala chilichonse choimikidwa mmenemo chimamenyedwa kuchokera mbali zonse ziwiri, kanayi pa tsiku. Aroma, omwe anayambitsa mzindawu cha m'ma 50 AD, anamangapo mlatho wa mitengo. Pambuyo pawo panabwera milatho ina ya mitengo, yomwe inkapsa, kuola kapena kukokoloka. Womaliza unamangidwa mu 1163 motsogoleredwa ndi wansembe wina dzina lake Peter, wa tchalitchi cha St Mary Colechurch. Ndi yemweyu amene patapita zaka 13, mu 1176, mu ulamuliro wa mfumu Henry II, anayamba ntchito yomanga wa miyala.

Sizodabwitsa kuti wansembe ndiye anali patsogolo. Nthawi imeneyo kumanga mlatho kunkatengedwa ngati ntchito yachifundo, yofanana ndi kumanga chipatala, chifukwa kunkapulumutsa apaulendo. Panalinso nkhani ina yomwe inathandiza kusonkhetsa ndalama. Mu 1170 Arkiepiskopi Thomas Becket anaphedwa ndi asilikali a mfumu m'tchalitchi chachikulu cha Canterbury, ndipo mu 1173 anaikidwa m'gulu la oyera. Becket anali mwana wa mumzinda wa London, wa m'dera lomwelo lomwe Peter ankatumikira. Pa chipilala chachikulu kwambiri, chapakatikati pa mtsinje, anamangapo katchalitchi ka dzina lake, ndipo amwendamnjira opita kumanda ake ku Canterbury ankayambira ulendo pamenepo atapemphera ndi kusiya chopereka. Peter sanauone mlatho wake utatha. Anamwalira mu 1205 ndipo anaikidwa pansi pa katchalitchi komweko. Ntchito inatha mu 1209, mfumu John ili pampando, patatha zaka 33.

Zaka 33 zikuoneka zambiri mpaka utaona mmene chipilala chimodzi chinkamangidwira. Amisiri sankaumitsa mtsinje kuti akumbe maziko mpaka pa thanthwe. Ankadikira kuti madzi atsike, n'kuyamba kukhomera pansi pa mtsinje zichiri za mtengo wa elm, womwe suola msanga ukakhala m'madzi. Chokhomera chake chinali chipika cholemera chomwe anthu ankachikoka ndi zingwe n'kuchisiya kuti chigwe pa mutu wa chichiri. Zichirizo ankaziika mozungulira, m'kati mwake n'kuthiramo zibuma za miyala, pamwamba n'kugonekapo mitanda yokhuthala ya mtengo wa oak. Pa mitanda imeneyo ndi pomwe ankayambira kusanja miyala yosema. Madzi akayamba kubwerera, ntchito inkaima mpaka atatsikanso. Zipilala ziwiri zikaima, akalipentala ankakhoma chimango cha matabwa chokhota pakati pake, osema miyala n'kusanja miyala yawo pa chimangocho kuchokera mbali zonse ziwiri mpaka itakumana pamwamba. Akachotsa matabwawo, miyalayo inkatsala itapanana yokha, kulemera kwake kukukankhira m'zipilala. Ndi mmene uta wa miyala umagwirira ntchito: mwala umapirira kupsinjidwa koma supirira kukokedwa, ndiye wamanga amaonetsetsa kuti mwala uliwonse ukungopsinjidwa. Mlatho wonse unali ndi zipilala 19, mauta 19 osongoka pamwamba, ndi mpata umodzi wa matabwa womwe unkatukulidwa kuti zombo zazitali zidutse. Mautawo sanali ofanana kukula.

Vuto linali pansi. Maziko osazama chonchi madzi akanawafukula mosavuta, choncho kuzungulira chipilala chilichonse anakhomanso mizere ina ya zichiri n'kudzazamo miyala, kupanga tizilumba tosongoka kutsogolo ndi kumbuyo kuti tizigawa madzi. Tizilumbati tinkateteza zipilala ndithu, koma tinadya malo aakulu a mtsinje. Madzi akatsika, mbali yaikulu ya Thames inkakhala yotsekeka, madzi onse n'kumapanikizana m'timipata topapatiza. Mlatho unasanduka damu losatseka bwino. Pa nthawi yomwe madzi akubwerera kunyanja, a kumtunda kwa mlatho ankatha kukhala pamwamba ndi mamita pafupifupi awiri kuyerekeza ndi a kumunsi, moti pansi pa uta uliwonse pankakhala mathithi. Madzi othamanga chonchi amakumba. Akakumba, amisiri ankaonjezera zichiri ndi miyala, tizilumba tinkakula, mipata inkachepa, madzi n'kuthamanga koposa kale. Mankhwala ake ndi omwenso ankakulitsa matenda, ndipo zinapitirira choncho kwa zaka mazana asanu ndi limodzi.

Opalasa mabwato ndi omwe ankaona zakuda. Kudutsa pansi pa mlatho madzi akutsika kunkafuna luso ndi mtima wolimba, ndipo ambiri anamira atagunda pa tizilumba tija. Apaulendo ochenjera ankatsika kumtunda kwa mlatho, n'kuyenda pansi kudzera m'misewu, kukakweranso bwato lawo kumunsi pa doko la Billingsgate, wopalasa atadutsa yekha. A ku London anali ndi mwambi wonena kuti mlathowu anaumangira anzeru kuti azidutsa pamwamba, opusa pansi.

Tsopano nyumba zija. Munthu angaganize kuti zinamera mwachisawawa monga zimachitikira m'mphepete mwa misewu ikuluikulu, koma ayi, zinali mbali ya mapulani kuyambira pachiyambi. M'kalata ya mu 1202, mlatho usanathe n'komwe, mfumu John inanena kuti lendi ya nyumba zomangidwa pa mlatho izigwiritsidwa ntchito poukonza ndi kuusamalira. Anthu awa anadziwa kuti akumanga chinthu chomwe chidzafune ndalama chaka ndi chaka, ndiye anachipatsiratu pochokera ndalamazo. Malo odutsa anthu onse olowa mumzinda kuchokera kumwera ndi malo abwino kwambiri a malonda, ndipo lendi yake inali yokwera. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1300 nyumbazi zinafika pafupifupi 140. Pambuyo pake zina zinaphatikizidwa kukhala zazikulu, ndipo m'zaka za m'ma 1600 pa mlathopo pankakhala anthu pafupifupi 500.

Nyumbazo zinali za matabwa. Kutsogolo kwake kunkakhala pa miyala ya mlatho, kumbuyo kwake kukulendewera pamwamba pa madzi, kutachirikizidwa ndi mitanda ikuluikulu yodutsa kuchokera pa chipilala china kufika pa chinzake. Pansi pankakhala sitolo yoyang'ana kumsewu, pamwamba khitchini ndi zipinda zogona, ndipo ena anali ndi zipinda zosungiramo katundu m'kati mwa zipilala mwenimwenimo. Madzi ankatunga poponya chidebe cha chingwe pa zenera, zonyansa zinkagwera mumtsinje womwewo. M'malo ena zipinda za m'mwamba za mbali iyi ndi mbali iyo zinkakumana pamwamba pa msewu, woyenda n'kumadutsa mumdima masana. Msewuwo unali wa mamita anayi kapena asanu okha m'lifupi, wopanda njira yapadera ya oyenda pansi. M'menemo munkapanikizana ngolo zopita ndi zobwera, akavalo, ng'ombe ndi nkhosa zopita kumsika, ogula oima pa masitolo a magolovesi, mipeni, mivi, zipewa, singano ndipo m'zaka zam'tsogolo mabuku. Ngolo ziwiri zikakumana pamalo othina, woyenda pansi ankathawira pakhomo la sitolo kapena kubisala kumbuyo kwa ngolo n'kumaitsatira pang'onopang'ono.

Nyumba za matabwa zothithikana chonchi mdani wake ndi moto, ndipo sunachedwe. Mu July 1212, patangotha zaka zitatu mlatho utatsegulidwa, moto unabuka ku Southwark, kutsidya la kumwera. Anthu anathamangira pa mlatho, ena kukathandiza, ena kuthawa. Mphepo inaulutsa zikuni zamoto n'kuyatsa nyumba za kumapeto a kumpoto, khamu lija n'kutsekeredwa pakati, moto uku ndi uku, pansi madzi. Ambiri anapsa, ena anamira pamene mabwato obwera kudzawapulumutsa anadzaza mopitirira. Olemba mbiri a m'zaka zam'tsogolo anatchula anthu 3,000, chiwerengero chomwe akatswiri a lero amati n'chokokomeza, koma ngoziyo inali yaikulu. Miyala inatsala, nyumba zinamangidwanso.

Chiyeso chenicheni cha dongosolo la ndalama lija chinabwera zaka makumi angapo pambuyo pake, ndipo kwa ine apa ndi pomwe pali mtima wa nkhani yonse. Mu 1263 anthu a ku London anali pa mkangano ndi mfumu Henry III. Tsiku lina mkazi wake, mfumukazi Eleanor wa ku Provence, akudutsa pa bwato kuchokera ku linga la mfumu lotchedwa Tower of London, khamu lomwe linali pa mlatho linamugenda ndi miyala ndi matope mpaka anabwerera. Mfumu itagonjetsa adani ake inalanda ufulu wa mzinda, ndipo mu 1269 inapereka mlatho ndi ndalama zake zonse m'manja mwa mfumukaziyo. Lendi inapitiriza kutoleredwa, koma sinkafikanso ku zichiri ndi miyala. Anthu a mumzinda anadandaula kwa mfumu yotsatira, Edward I, kuti mlatho ukuonongeka. Kwa zaka zingapo kunja kunkaoneka ngati palibe chasintha, chifukwa kuola kwa maziko kumachitika pansi pa madzi pomwe maso safika. Kenako m'nyengo yozizira ya 1281 kulowa 1282 mtsinje unaundana, zibuma za ayezi zinaunjikana pa zipilala, ndipo mauta asanu anagwa. Zaka khumi ndi ziwiri zokha za kunyalanyaza zinakwanira kugwetsa gawo limodzi mwa magawo anayi a mlatho.

Zomwe anachita pambuyo pake ndi zomwe zimandigwira mtima. Mlatho unabwezedwa m'manja mwa mzinda, ndipo kuyambira mu 1282 chuma chake chinaikidwa pa dongosolo lokhazikika, lomwe linadzadziwika kuti Bridge House Estates. Mzinda unkasankha akapitawo awiri oyang'anira mlatho, omwe ankayenera kulongosola ndalama iliyonse yolowa ndi yotuluka. Meya wa nthawi imeneyo, Henry le Waleys, anamanga msika wa nyama ndi nsomba wotchedwa Stocks Market n'kulamula kuti ndalama za mabenchi ake zizipita ku mlatho. Panali msonkho wa ngolo zodutsa pamwamba ndi wa zombo zodutsa pansi. Anthu ankalemba m'mawilo awo kuti nyumba kapena munda wawo akuusiyira Mulungu ndi mlatho, ndipo pang'ono ndi pang'ono mlathowo unakhala mwini wa nyumba zambiri m'kati mwa London ndi ku Southwark, minda ku Lewisham ndi zigayo ku Stratford. Mabuku a maakaunti ake alipo mpaka lero kuyambira a mu 1381.

M'mabukumo ndi momwe mumaoneka anthu omwe anausungadi mlathowu. Bwalo lawo linali kutsidya la kumwera, pafupi ndi msewu wa Tooley Street, pomwe ankaunjika mitengo ya elm ndi oak, miyala yochokera ku Kent, laimu, zingwe ndi zitsulo. Panali akalipentala ndi osema miyala olembedwa ntchito chaka chonse. Panalinso gulu la okhoma zichiri lomwe silinkalipidwa pa tsiku koma pa kutsika kulikonse kwa madzi komwe agwira ntchito. Popeza nthawi yotsika madzi imasuntha tsiku ndi tsiku, anthuwa nthawi zina ankadzuka kukali mdima, n'kutsikira pa tizilumba toterera, kuzula chichiri choola, kukhoma chatsopano, kuthira miyala pomwe madzi akumba, n'kuthawa madzi asanawapeze. Mawa lake chimodzimodzi, pa chipilala china. Akafika kumapeto a mlatho, koyambira kuja kunali kutafuna kale kukonzanso. Aliyense amene anakhalapo m'komiti ya mjigo akudziwa kusiyana kwa mjigo womwe anthu amasonkha ndalama mwezi ndi mwezi ndi womwe amadikira kuti ufe kaye ndiye ayambe kufunafuna wothandiza. A ku London anasankha njira yoyambayo, atalawa kuwawa kwa yachiwiri.

Izi sizikutanthauza kuti ngozi zinatheratu. Mu 1437 geti lalikulu la miyala la kumwera linagwa pamodzi ndi mauta awiri. Kusiyana kwake kunali kwakuti ndalama, zipangizo ndi amisiri zinalipo kale, ndipo mlatho unakonzedwa.

Poti unali khomo lokhalo la kumwera, mlathowu unalinso linga. Anthu oukira boma otsogoleredwa ndi Wat Tyler analowera pamenepo mu 1381. Mu July 1450 gulu la Jack Cade linamenyana ndi a mumzinda pa mlathopo usiku wonse, nyumba zina n'kupsa. Pamwamba pa geti ankazika pa mitengo yosongola mitu ya anthu ophedwa pa mlandu woukira mfumu, kuti aliyense wolowa mumzinda aone. Woyamba wolembedwa m'mbiri ndi wa William Wallace, mtsogoleri wa ku Scotland, mu 1305. Mu 1535 panaikidwa wa Bishopu John Fisher ndi wa Thomas More, omwe anakana kuvomereza mfumu Henry VIII kukhala mutu wa mpingo. Mlendo wina wochokera ku Germany, Paul Hentzner, anawerenga mitu yoposa 30 mu 1598. Ana a pa mlathopo ankakula akuona zimenezi tsiku ndi tsiku, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti malo omangidwa pofuna kupulumutsa apaulendo anakhalanso malo oopsezera anthu. Mu ulamuliro wa Henry VIII yemweyo dzina la Becket linachotsedwa pa katchalitchi kaja, ndipo pasanapite nthawi yaitali kanasandutsidwa nyumba ndi mosungira katundu.

Mathithi a pansi pa mauta, omwe ankamiza anthu, ena anawaona ngati mphamvu yongotayika. Mu 1581 mmisiri wina dzina lake Peter Morice anachita lendi uta woyamba wa kumpoto kwa zaka 500, pa mtengo wa mashileni 10 pa chaka. Anaikamo gudumu lalikulu lozunguzidwa ndi madzi, lomwe linkayendetsa mapampu okankhira madzi m'mapaipi kupita m'nyumba za mumzinda. Pofika mu 1582 madzi anali akufika m'makomo. M'zaka zotsatira magudumu anaonjezeredwa m'mauta ena, kumwera kunaikidwanso zigayo za tirigu, ndipo makina a madziwa anagwira ntchito mpaka mu 1822. Mzinda unapindula, koma uta uliwonse wokhala ndi gudumu unali mpata umodzi wochotsedwa kwa mtsinje ndi kwa mabwato.

Mu February 1633 wantchito wina wa m'nyumba ya wopanga singano anasiya chidebe cha phulusa lamoto pansi pa masitepe. Nyumba zoposa 40 za kumpoto kwa mlatho zinapsa, ndipo si zonse zomwe zinamangidwanso msanga. Malo opanda nyumba omwe anatsala anadzathandiza mu September 1666, pamene moto waukulu wa London unayamba mu msewu wa Pudding Lane, pafupi kwambiri ndi mlathowu. Unanyeketsa magudumu a madzi aja, omwe akanathandiza kuuzimitsa, ndi nyumba za kumapeto a kumpoto, koma utafika pa mpata unalephera kulumpha. Mbali yotsala ya mlatho ndi Southwark zinapulumuka.

Chinthu china chomwe mlathowu unkachititsa n'chovuta kuchiganizira kwa ife a kuno kotentha: mtsinje wonse kuuma gwa mpaka anthu kumayendapo. M'zaka zimenezo nyengo yozizira ku Ulaya inali yoopsa kuposa lero, koma kuzizira kokha sikukanakwanira. Mlatho unkachedwetsa madzi a kumtunda ndi kuchepetsa madzi amchere olowa kuchokera kunyanja, omwe saundana msanga. Zibuma za ayezi zoyandama zinkakodwa pa mauta n'kumatirirana mpaka kutseka mtsinje. Zikatero anthu ankazika matenti pamwamba pa ayezi, kuotcha nyama, kugulitsa zakumwa, ngakhale kubweretsa makina osindikizira mapepala achikumbutso. Msika wotchuka kwambiri wotere unachitika mu 1683 kulowa 1684, ndipo womaliza unali mu February 1814. Mlatho wakalewu utachotsedwa, ndipo m'mbali mwa mtsinje mutamangidwa makoma omwe anauchepetsa n'kuufulumizitsa, Thames sanaundanenso chotero pakati pa London.

Pofika m'zaka za m'ma 1700 mzinda unali utakula kwambiri, koma khomo linali lomwe lija. Mu 1722 akuluakulu a mzinda analamula kuti ngolo zochokera ku Southwark zizitsata mbali ya kumadzulo ya mlatho, zotuluka mumzinda mbali ya kum'mawa, ndipo analemba anthu atatu oti aziyang'anira. Mukajambula pa pepala muona kuti onse akuyenda kumanzere. Ili ndi limodzi mwa malamulo akale olembedwa okhudza kuyenda kumanzere ku England, komwe ndi mbali yomwe magalimoto amayenda lero ku Malawi, Zambia ndi maiko ena oyandikana nawo.

Apa ndiyenera kunena chilungamo pa eni mlathowo, chifukwa si zonse zomwe anachita bwino. Kwa zaka zambiri akuluakulu a mzinda, mogwirizana ndi opalasa mabwato omwe ankadyera pooletsa anthu, ankatsekereza maganizo aliwonse omanga mlatho wachiwiri poopa kutaya malonda ndi msonkho. Thumba lomwe linasunga mlatho linalinso ndi chifukwa chosafunira mpikisano, ndipo ovutika anali anthu wamba opanikizana m'kanjira kaja. Mlatho wa matabwa unamangidwa ku Putney, kunja kwa mzinda, mu 1729, kenako wa Westminster unatsegulidwa mu 1750, wotakata, wopanda nyumba, wa mauta akuluakulu. Pamenepo wakale uja unaonekera poyera kuti watsalira.

Lamulo la nyumba ya malamulo la mu 1756 linalola kuti nyumba zonse zichotsedwe, ndipo pofika mu 1762 zinali zitaphwasulidwa. Motsogoleredwa ndi Robert Taylor ndi George Dance wamkulu, msewu unakulitsidwa kufika mamita pafupifupi 14. Mlatho wa matabwa wongoyembekezera womwe unamangidwa pambali unapsa mu 1758. Anachotsanso chipilala chimodzi chapakati n'kuphatikiza mauta awiri kukhala umodzi waukulu mu 1759, kuti zombo zizidutsa bwino. Maganizo anali abwino, koma mtsinje unayankha mwa njira yake. Madzi omwe kale ankagawikana m'timipata tambiri anathamangira pa mpata waukuluwo n'kuyamba kukumba pansi pa zipilala za mbali zake ziwiri. Injiniya John Smeaton ataitanidwa mwachangu analangiza kuti agulenso miyala ya mageti akale a mzinda omwe anali atangogwetsedwa, aithire m'madzi pamenepo. Inathandiza, koma kuyambira pamenepo kuthira miyala kunakhala kosalekeza ndipo ndalama zokonzera zinkangokwera. Mlatho womwe kwa zaka 550 unali utazolowerana ndi mtsinje mwa njira yake yovutayo unasokonezedwa pamalo amodzi, ndipo sunakhazikikenso.

Mapulani a mlatho watsopano anajambulidwa ndi John Rennie, yemwe anamwalira mu 1821, ndipo mwana wake, John Rennie wamng'ono, ndi amene anaumanga kuyambira mu 1824, mamita pafupifupi 30 kumtunda kwa wakale. Unali wa miyala ya granite, wa mauta asanu okha pomwe kale panali 19. Mfumu William IV inautsegula pa 1 August 1831, ndipo wakale unayamba kuphwasulidwa mpaka mu 1832. Ogumula atafika pansi pa katchalitchi kaja anapeza mafupa omwe ankakhulupirira kuti ndi a Peter wa ku Colechurch, koma palibe anawasamala, moti anatayika. Munthu yemwe anapereka zaka 29 za moyo wake ku ntchito imeneyi ankayenera ulemu woposa pamenepo.

Zotsala zake n'zochepa. Timisasa tiwiri ta miyala tokhalamo oyenda pansi, tomwe tinaikidwa pa mlatho pokonzanso cha m'ma 1760, tili ku Victoria Park kum'mawa kwa London, ndipo kena kali pa bwalo la chipatala cha Guy's. Pansi pa nsanja ya tchalitchi cha St Magnus the Martyr pali khomo lomwe oyenda pansi ankadutsa pokwera pa mlatho, ndipo m'kati mwa tchalitchicho muli chifaniziro chachikulu cha mlathowo ndi nyumba zake. Uta umodzi unapezeka mu 1921 pokumba maziko a nyumba ya Adelaide House, koma unaphwasulidwa.

Mlatho wa Rennie sunafike ngakhale zaka 140 pa Thames. Unayamba kutitimira pang'onopang'ono, ndipo mu 1968 unagulitsidwa kwa wamalonda wa ku America, Robert McCulloch, pa madola 2,460,000. Miyala yake yakunja inalembedwa manambala, kunyamulidwa pa sitima ya pamadzi n'kukamangidwanso ku Lake Havasu City m'chigawo cha Arizona, komwe unatsegulidwa mu 1971. Womwe uli pa London lero ndi wa konkire, wotsegulidwa ndi Mfumukazi Elizabeth II mu 1973, ndipo ndalama zoumangira zinachokera m'thumba lomwe lija la mu 1282. Thumbali ndi lomwenso linalipira Tower Bridge, yomwe inatsegulidwa mu 1894, ndipo lero limasamalira milatho isanu: London, Tower, Southwark, Blackfriars ndi Millennium, popanda kutenga ndalama za msonkho wa boma. Kuyambira mu 1995 ndalama zotsala likatha kusamalira milatho limazipereka ku mabungwe othandiza anthu mu London, ndipo mu 2023 linasintha dzina kukhala City Bridge Foundation.